Masipoko akungoduka, ndigule wilo lotani?

Funso: Ndikukonzekera ulendo wa panjinga wochoka ku Ulongué kutsikira ku Tete kudzera ku Moatize, nditanyamula tenti, zophikira ndi madzi, zonse makilogalamu ngati 30. Wilo lakumbuyo ndilo landitopetsa: ndikaika sipoko yatsopano, sabata isanathe yadukanso ina. Ndigule lotani? Wowerenga wa ku Angónia.

Yankho: Bambo, yang'anani pomwe masipokowo akudukira. Ngati ndi pokhota paja, pamene sipoko imakolekera ku habu (chitsulo cha pakati pa wilo), vuto si katundu yekha koma kukhwepa. Sipoko yosakungika imamasuka ikafika pansi, n'kukokedwanso wilo likazungulira, ndipo chitsulo chimatopa ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku. Atatu akaduka motsatizana, otsalawo atopa kale. Sinthani onse kamodzi.

Pogula werengani masipoko. Kumbuyo asachepere 36. Njinga zakale za matayala a 28, zija zimasenza matumba a mbatatesi ku Tsangano, zambiri zimakhala ndi 40, ndipo n'chifukwa chake zimapirira. Akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, onenepa mamilimita 2,0 kapena 2,3, ndipo sipoko iliyonse idutsane ndi anzake atatu isanafike ku limu. Limu ya aluminiyamu ya makoma awiri imaposa ya khoma limodzi. Yachitsulo ndi yolimba ndithu, koma ikanyowa mabuleki sagwira bwino.

Wilo la m'sitolo musalikhulupirire chifukwa choti likunyezimira. Mupatseni mmisiri alikunge, kenaka finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja kuzungulira wilo lonse. Muwagogode ndi sipanala: a mbali imodzi alire mofanana. Panjinga ya magiya, a mbali ya tcheni amakhala okungika kwambiri kuposa enawo, zimenezo si vuto. Mukayenda makilomita 100 oyamba ndi katundu, bwererani kwa mmisiri akaonenso.

Samalani ndi saizi. Tayala la 26 x 1.95 ndi la limu ya mamilimita 559, pomwe la 26 x 1 3/8 ndi la 590, choncho sizilowana ngakhale zonse zalembedwa 26. Sankhani tayala lotakata, kuyambira mainchesi 1.75 kupita m'tsogolo.

Ekiselo yakumbuyo imakonda kupindika pa habu ya friwilo yopotera (imene mano a tcheni amachita kupoteredwa pa habu), chifukwa timipira tachitsulo ta m'habu ta mbali ya tcheni tili kutali ndi felemu. Habu ya kaseti (imene mano a tcheni amangolowetsedwa n'kutsekedwa, osapotera) kawirikawiri ilibe vuto limeneli. Musananyamuke ikani girisi watsopano. Mahabu ambiri akumbuyo amalowa timipira 9 mbali iliyonse.

Potsika mapiri musagwire buleki mosalekeza, makamaka mu Okutobala chigwa cha Zambezi chikatentha, chifukwa limu ikapsa chubu chimatha kuphulika. Gwirani n'kusiya, mosinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Madzi ena amangeni kutsogolo kuti kaliyala apepukidwe. Tengani masipoko apadera 6 a utali woyenera wilo lanu, kiyi ya masipoko, ndi chomasulira friwilo, poti sipoko ya mbali ya tcheni silowa friwilo isanachoke.