Fayilo ikamasowa pa SharePoint ya kuntchito

Mtsikana wina amene wangomaliza kumene ku koleji, ndipo wayamba intenshipu pa bungwe lina ku Lilongwe, walemba kuti: "Abwana amangondiuza kuti 'ili pa SharePoint, kaitengeni.' Ndikalemba dzina m'kabokosi kofufuzira sindiipeza, apo ayi zimatuluka zambirimbiri zofanana. Ndayamba kuchita manyazi kufunsa. Kodi ndikalipire kozi ya kompyuta?"

Achemwali, ndalama ya koziyo isungeni kaye. Zimene zikukusowetsani mtenderezi mungazidziwe muli pa desiki panu pompo.

SharePoint, malo a pa intaneti osungirako mafayilo a bungwe, imaonetsa munthu mafayilo okhawo amene anapatsidwa chilolezo chowaona. Abwana akalemba mawu, fayilo imatuluka. Inu mukalemba mawu omwewo, zii. Kwa munthu wobwera kumene, nthawi zambiri chimakhala choti sanamulowetse m'gulu la dipatimenti yake. Ndiye mukasaka osaipeza, pitani kwa a IT kapena kwa mwini foda, mukati, "Chonde mundionere ngati ndili ndi chilolezo cholowa mu foda ya zachuma." Wofunsa chonchi palibe angamuseke, ndipo zimandiwawa kuona achinyamata akudziyesa mbuli pa chitseko chimene ena anaiwala kuwatsegulira.

Onaninso pamene mwaima. Mukakhala mkati mwa mafayilo a dipatimenti imodzi, kabokosi kaja kamayamba n'kusaka momwemo. Bwererani pa tsamba loyambira la SharePoint kuti kasake bungwe lonse.

Tsopano mawu amene mumalembawo. Makinawa amafunafuna mawu amene ali pa dzina la fayilo kapena mkati mwake, choncho ganizirani mmene wolembayo akanalembera. Abwana pakamwa angati "fomu ya alawansi", pamene papepala panalembedwa travel advance. Mukadziwa mawu enieniwo, alembeni chonchi: "travel advance", pamodzi ndi timizere tiwiri ta m'mbalito, kuti atuluke ali motsatana. Ngati mukufuna ya Excel yokha, lembani budget filetype:xlsx. Mukadziwa amene anailemba, lembani author: n'kutsatiza dzina lake. Mukaiwala mathero a liwu, ikani kanyenyezi, monga procure*, ndipo procurement ituluka. Mawu a AND, OR ndi NOT amagwira ntchito pokhapokha mutawalemba m'zilembo zikuluzikulu.

Pali chinanso chimene chimasokoneza ngakhale akale pa ntchito. Teams, pulogalamu yolankhulirana pa ntchito imene Microsoft inatulutsa mu 2017, mafayilo ake imasungitsa kwina. Fayilo yoikidwa pa chanelo ya gulu imakakhala ku SharePoint. Koma yotumizidwa pa macheza a anthu awiri imakakhala mu OneDrive ya wotumizayo, malo ake osungirako mafayilo payekha, mu foda yotchedwa Microsoft Teams Chat Files. Ngati abwana anatumizira mnzanu mwa njira imeneyi, inu mungasake mpaka dzuwa kulowa osaiona. Afunseni mwaulemu kuti anaiika pa chanelo kapena anatumizira munthu.

Kalata yojambulidwa pa sikana kawirikawiri imakhala ngati chithunzi chabe, ndiye isakeni ndi dzina kapena tsiku. Fayilo yongoikidwa kumene imatenganso kanthawi isanayambe kuoneka pofufuza.

Za mafayilo ofanana aja, m'pamene ndikufuna musamale kwambiri, chifukwa kupereka bajeti yakale ku msonkhano kumachotsa ulemu kuposa kuchedwa nayo. Mukaona final, final2 ndi final latest, dzina lisakunyengeni. Yang'anani pa Modified kuti inasinthidwa liti ndiponso anasintha ndani, kenako tsegulani Version history, mbiri ya mmene yakhala ikusinthidwira, muone ngati ndi imene anthu akhala akugwirirapo ntchito. Mukaipeza, atumizireni abwana linki m'malo motsitsa fayilo n'kuimata pa imelo, n'kuwafunsa kuti, "Bwana, ndi imeneyi, yosinthidwa Lachiwiri?" Akavomera, isungeni linkiyo pa msakatuli (browser) wanu, poti mwezi wamawa adzaifunanso.