Rope, string kapena line: liti ndi liti?

Achimwene, mwati mwayamba ntchito pa boti la asodzi ku Cape Town, ndiye mukati string anzanu amangokuyang'anani. Ife timangoti chingwe basi, koma Chingerezi chimayang'ana kunenepa kwake ndi ntchito yake. Thread ndi ulusi wosokera. String ndi kachingwe komangira phukusi, pomwe twine ndi kopota, kolimbirapo, konga kosokera matumba a chimanga kapena ukonde. Chachikulu chokokera katundu wolemera ndiye rope.

Koma pa boti chingwe chikakhala ndi ntchito yakeyake amachitchula kuti line. Chomangirira boti padoko ndi mooring line. Akakuwa kuti slack ndiye kuti chakhwepa, akati taut chakungika. Chimene ulusi wake wayamba kunyotsoka amati frayed, chimenecho musachidalire.

Pa mfundo ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa apa pagona moyo wa munthu. Knot ndi dzina la mfundo zonse, koma amalinyero amasiyanitsa. Mukamangirira chingwe ku chitsulo kapena ku mtengo, imeneyo ndi hitch, monga clove hitch. Mukalumikiza zingwe ziwiri, ndi bend. Bowline, yomwe amaitchula ngati bolini, imasiya kabwalo kumapeto kwa chingwe kamene sikathina ngakhale mukoke motani, komanso imamasuka mosavuta ntchito ikatha. Imeneyi iphunzireni mpaka muziimanga mutatsinzina.

Chonde samalani ndi reef knot. Ndi yabwino pomanga bandeji kapena thumba, koma osalumikizira zingwe zonyamula katundu. Imapulumuka, makamaka zingwezo zikakhala za nayiloni kapena zosiyana kunenepa. Pamenepo pamafunika sheet bend. Wina akakuuzani kuti bend inu n'kumanga reef knot, ukonde utha kupita ndi madzi anthu akuona.

Ponena zomanga, nenani tie a knot. Make a knot akumvani ndithu, koma sizimveka bwino m'makutu mwawo. Boti padoko ndi tie up kapena make fast, kulimasula kuti linyamuke ndi cast off, ndipo katundu woti asagwedezeke ndi tie down.

Mukamva kapitawo akuti boti likuyenda 10 knots, sakunena za zingwe ayi. Ndi liwiro limenelo: knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola.