Siketi ya ovina ballet inafupika bwanji chonchi?

Mayi wina amene amakhala ku Leeds wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 7 wayamba kuphunzira gule wa ballet, ndipo akulirira tutu, siketi yaifupi yoyanga ija imene amaiona pa TV. Mayiwa ndi telala ndipo akufuna kuisoka okha, koma mtima wawo sukukhazikika. Akuti: "Kwathu mwana wamkazi saonetsa ntchafu pagulu. Chovalachi chinayamba bwanji? Ndi cha gule weniweni, kapena ndi njira yovulira atsikana basi?"

Mayi, mwafunsa bwino. Ine ndimati siketiyi inkafupika nthawi iliyonse imene miyendo ya ovina yaphunzira luso latsopano lofunika kuti oonerera alione. Koma nkhawa yanuyo si yopanda pake, ndipo ndifikako.

Guleyu anayambira m'nyumba za mafumu ku Italy m'zaka za m'ma 1400, n'kukakhwimira ku France. Ankavina ndi mafumu ndi anthu apamwamba, atavala zomwe ankavala paphwando: madiresi olemera okhwekhwereza pansi, nsapato za gogoda, mawigi, ndi zigoba kumaso. Mfumu Louis XIV ya ku France nayonso inavina mu 1653 itavala ngati dzuwa, ndipo mu 1661 inakhazikitsa bungwe la akatswiri a zovina ku Paris. Utavala zoterozo sungadumphe. Kuvina kunali kuyenda mwaulemu, kutembenuka, kuwerama ndi kupanga mizere pabwalo. Guleyu atasanduka ntchito yolipidwa, mbali za akazi ankazivina amuna mpaka mu 1681, pamene Mademoiselle de Lafontaine anakwera siteji ku Paris.

Woyamba kutchuka ndi kudula siketi anali Marie Camargo, amene anayamba kuvina ku Paris mu 1726. Iyeyu ankatha kudumpha n'kumenyanitsa mapazi m'malere mofulumira, luso limene anthu ankati ndi la amuna okha. Nanga luso la mapazi lingaoneke bwanji mapaziwo atabisika m'nsalu? Anaidula siketi mpaka akakolo anaonekera. Akakolo okha, koma nthawi imeneyo zinali zokwanira kuti anthu alankhule. Mnzake wopikisana naye, Marie Sallé, anatulukira pa siteji ku London mu 1734 atavala diresi la nsalu yopepuka, lopanda zitsulo zotukumula m'chiuno, tsitsi atalimasula. Mu 1760 katswiri wopeka magule Jean-Georges Noverre analemba zodzudzula zigoba ndi zovala zolemera, ponena kuti zimabisa nkhope ndi thupi zomwe ziyenera kufotokoza nkhani. Patapita zaka zochepa zigoba zinasiyidwa.

Tutu yeniyeni imawerengedwa kuyambira pa 12 Malichi 1832. Usiku umenewo Marie Taglioni anavina La Sylphide m'nyumba ya zisudzo ya Paris Opéra, gule amene anapeka ndi bambo ake, Filippo Taglioni. Ankasewera mzimu wa m'mlengalenga, choncho anavala kamalaya kothina ka pachifuwa ndi siketi yoyera mbee ya nsalu zopyapyala zosanjikiza, yolekeza m'akatumba. Taglioni ankaimirira pansonga za zala zakumapazi mopepuka kwambiri, ndipo siketi inayenera kusiya mapazi poyera kuti anthu aone kuti akungokhudza pansi pang'ono. Nyumba ya zisudzoyo inali itayamba kale kugwiritsa ntchito nyali za gasi, zimene ankatha kuzichepetsa mphamvu kuti pa siteji paoneke ngati pali mwezi. Kuwalako kukalowa m'nsalu zoyerazo, wovina ankaoneka ngati akuyandama. Gule wa Giselle wa mu 1841 anadzaza siteji yonse ndi atsikana ovala motero, ndipo mpaka lero amavinidwa ndi siketi yaitali yomweyo.

Kukongola kumeneku kunapha anthu. Nyali za gasi zinkakhala m'mphepete mwa siteji, moto wake uli poyera, ndipo nsalu yopyapyala yodzaza mpweya imagwira moto m'kuphethira kwa diso. Clara Webster anapsa pa siteji ku London mu 1844 n'kumwalira. Ku France boma linalamula mu 1859 kuti zovala za pa siteji ziziviikidwa m'mankhwala oletsa moto, koma mankhwalawo ankaumitsa nsalu ndi kuithimbiriritsa. Emma Livry, wophunzira wa Taglioni amene ankayembekezeka kudzalowa m'malo mwake, anakana kuvala siketi yoviikidwayo ndipo anasaina kalata yoti chilichonse chochitika chidzakhala pamutu pake. Mu Novembala 1862, akuyeserera gule, siketi yake inakhudza nyali. Anavutika ndi zilonda za moto miyezi 8, n'kumwalira mu Julayi 1863 ali ndi zaka 20. Nkhaniyi imandipweteka nthawi zonse. Ena amamunena kuti anali wosamva, koma ine ndimaona mtsikana amene ankadziwa kuti ntchito yake yonse yagona pa kuoneka wopepuka, ndipo eni nyumbayo anasankha kulandira kalata yake m'malo motchinga nyalizo.

Tsopano pa nkhawa yanu ija, mayi. N'zoona kuti ku Paris m'zaka za m'ma 1800 panali amuna olemera amene ankalipira mipando ya chaka chonse n'kupatsidwa mwayi wolowa kuseri kwa siteji, m'chipinda chimene ovina ankatenthetsera thupi. Atsikana ambiri ovinawo ankachokera m'mabanja osauka, malipiro awo anali ochepa, ndipo amunawo ankadyerapo masuku pamutu. M'zojambula za Edgar Degas mumawaona azibambowo atavala zakuda, ataima m'mbali, akuyang'ana atsikana a masiketi olekeza m'mawondo. Maso a anthu otere anathandiza nawo kuti siketi ikwere, zimenezo sindingakane. Koma choipacho chinali umphawi wa atsikanawo ndi mphamvu za amunawo, ndipo chinalipo siketi ikadali yaitali.

Siketi yoyanga imene mwana wanu akuifuna inakhazikika ku Russia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ovina ochokera ku Italy anafika ku St Petersburg ndi miyendo yamphamvu ndiponso nsapato zolimba kunsonga, ndipo Marius Petipa anawapekera magule ofuna mwendo wonse kuoneka, monga The Sleeping Beauty wa mu 1890. Mu Swan Lake wa mu 1895, Pierina Legnani ankazungulira maulendo 32 pa mwendo umodzi osapumira, mwendo winawo ukukwapula mphepo. Siketi yaitali ikanamukulunga m'miyendo, komanso mwamuna wovina naye amafunika kugwira chiuno popanda nsalu yomusokoneza. Kuyambira pamenepo siketi inakwera pamwamba pa mawondo, ndipo m'zaka zotsatira inapitirira kufupika ndi kuuma mpaka inaima chopingasa ngati lichero lozungulira chiuno.

Poti ndinu telala, apa mpamene mumve kukoma. Tutu yotereyi imasokedwa ndi nsalu ya neti youma yotchedwa tulle, ndipo siyambira pa lamba wa m'chiuno ayi. Imayambira pa kabudula wamkati. Pa kabudulayo mumasokerera mizere ya neti yokwinya, kawirikawiri 10 kapena 12, wam'munsi ndi waufupi kwambiri, uliwonse wapamwamba n'kumatalikirapo pang'ono, kuti wapansi uzinyamula wapamwamba. Mu mzere wina wapakati mumalowa waya wozungulira. Kenako mumatenga singano yaitali ndi ulusi n'kulumikiza mizere yonse pamanja, mfundo ndi mfundo, kuti isamabalalike wovina akamazungulira. Nsalu yokongoletsedwa ndi mikanda imagona pamwamba pa zonsezi. Kamalaya ka pachifuwa kamadulidwa tizidutswa tambiri, kamalimbitsidwa ndi timitengo topindika, ndipo kumsana kumakhala mizere ingapo ya ngowe kuti ovina osiyana matupi azibwerekana chovala chimodzi zaka zambiri. Posunga amaigoneka chafufumimba kapena kuipachika chadodolido kuti isafote.

Palinso mtundu wina wofewa. Barbara Karinska, wosoka wa gulu la ovina la New York City Ballet, anaona kuti ovina ambiri akaima moyandikana masiketi a waya amagundana n'kumagwedezeka gule atatha kale. Mu 1950, pa gule wa George Balanchine wotchedwa Symphony in C, anachotsa wayayo, anachepetsa mizere ya neti, n'kuilumikiza momasuka. Ngati mukufuna kuyamba kusoka, yambirani umenewu. Balanchine yemweyo m'magule ena, monga Agon wa mu 1957, anachotseratu siketi n'kusiya ovina m'zovala zothina zoyeserera.

Chinthu china chimene mudzakumana nacho m'sitolo ndi mtundu wa masokosi aatali ndi nsapato. Zambiri ndi zapinki, chifukwa cholinga chinali choti mwendo uzioneka wopitirira kuchokera m'chiuno mpaka kuchala, ndipo khungu limene ankaliganizira linali la azungu. Gulu la Dance Theatre of Harlem, limene Arthur Mitchell ndi Karel Shook anayambitsa mu 1969, linayamba m'zaka za m'ma 1970 kuvala masokosi ndi nsapato zofanana ndi khungu la wovina aliyense. Kwa zaka zambiri ovina akuda ankachita kupaka nsapato zawo zodzoladzola za kumaso, peyala iliyonse. Mu 2018 kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black, inayamba kugulitsa nsapato zabulauni. Mwana wanu ali ndi ufulu wovala zogwirizana ndi khungu lake, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukambirane ndi aphunzitsi ake za zimenezi.

Pa zaka 7, m'kalasi sadzavala tutu youma ija. Ana amaphunzira atavala chovala chothina cha thupi lonse, masokosi aatali, nthawi zina ndi kasiketi kofewa pamwamba, kuti mphunzitsi aone ngati mawondo ndi chiuno zaima bwino, poti mwana akazolowera kuima molakwika amadzavulala. Ntchafu zimakhala zophimbidwa ndi masokosiwo. Ya chionetsero cha kumapeto kwa chaka, ngati sukulu ikulola, musokereni yaitali ya mtundu wa Taglioni: mizere itatu kapena inayi ya neti yofewa pa lamba wa lasitiki, yolekeza m'munsi mwa mawondo. Imeneyo ndi tutu yeniyeni, ndiyonso yakale kuposa yaifupi ija. Neti ya masiku ano ndi ya nayiloni, ikagwira moto imasungunukira pakhungu, choncho akaivala kunyumba asayandikire kandulo, chitofu kapena hita.