Mivi ikukutopetsani mu ISPF? Nayi njira yachidule

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti wangoyamba kumene ntchito pa mainframe (kompyuta yaikulu imene anthu ambiri amalumikizako nthawi imodzi), akulemba mapulogalamu m'chilankhulo cha COBOL mu editor ya ISPF (pulogalamu yolembera ndi kusinthira mafayilo) pa z/OS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa mainframe ya IBM, koma nthawi yambiri ikumuthera pa mabatani a mivi. Akufunsa ngati pali njira yofikira msanga pamene akufuna.

Ilipo ndithu, anzanga, koma muyambe mwamvetsa chimene chili patsogolo panucho. Pulogalamu yomwe mumalumikizira nayo ku mainframe imatsanzira IBM 3270, makina a sikirini ndi kiyibodi amene anatuluka mu 1971, odziwika ndi sikirini ya mizere 24, uliwonse wa zilembo 80. Mukamayendetsa cursor (kachizindikiro kosonyeza pamene mukulemba) ndi mivi, mainframe siidziwa kanthu. Imamva pokhapokha mukadina mabatani ngati Enter kapena a PF (PF1, PF2 ndi ena, amene pa kiyibodi nthawi zambiri amakhala F1, F2 ndi ena), ndipo apo m'pamene imalandira zimene mwasintha pamodzi ndi malo amene cursor yaima. Choncho luso lagona pouza editor kuti ikubweretsereni mzere umene mukufuna.

Yambani ndi kabokosi ka SCROLL kali kumanja kwa mzere wa Command, pamene mumalembapo malamulo. Ambiri amangosiya PAGE. Inu lembanimo CSR, chidule cha cursor. Tsopano mukaika cursor pa mzere wina n'kudina PF8, mzerewo umakwera n'kukhala pamwamba penipeni. Mukadina PF7 umatsikira pansi. Ndime yonse ya pulogalamu imaoneka bwinobwino, osati theka pano theka tsamba lotsatira. Cursor ikakhala pa Command, tsamba limasuntha lathunthu monga mwa masiku onse, ndiye palibe chimene mwataya. Pa zonse zimene ndalemba muno, ichi ndiye ndimachikonda kwambiri. PF10 ndi PF11 amachitanso chimodzimodzi kumanzere ndi kumanja.

Kumapeto kwa fayilo: lembani M pa Command, dinani PF8. Kumayambiriro: M ndi PF7. Mukalemba L 250 pa Command n'kudina Enter, mumafika pa mzere 250.

Koma nambala za mizere zimasintha mukamawonjezera kapena kufufuta. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kupatsa mizere mayina. Pamalo pa nambala ya mzere, kumanzereko, lembani .A ndipo dinani Enter. Pitani kulikonse, mukalemba L .A mwabwerera pomwepo. Ikani .A pamene mwafotokoza deta yanu, .B pamene mukuigwiritsa ntchito, muzingodumpha pakati pa malo awiriwa. Musayambe dzina ndi Z, mayina amenewo editor inadzisungira.

FIND (mwachidule F), lamulo lofufuzira mawu, nayenso ndi woyendetsa cursor, ngakhale ambiri samuona choncho. F TOTAL amaika cursor pa liwu loti TOTAL penipeni, PF5 n'kukupititsani pamene likupezekanso. Onjezani PREV kuti mubwerere m'mbuyo, kapena LAST kuti muyambire kumapeto. Mukalemba F PROCEDURE 8, amangofufuza liwu loyambira pa kolamu 8, pamene mitu ya COBOL imayambira.

Pa sikirini pomwepo, Home amakubwezerani pa Command ngati mzerewo uli pamwamba, Tab amadumphira malo otsatira olembapo, ndipo New Line amakutsitsirani pa mzere wotsatira. Onani mmene pulogalamu yanu yolumikizira ija yaikira mabatani amenewa pa kiyibodi, chifukwa zimasiyana.

Mabatani a PF nawonso amatha kusinthidwa ndi oyang'anira makina kuntchito kwanu. Lembani KEYS pa Command muone zimene batani lililonse likuchita, makamaka PF12: kwina limabweretsa lamulo limene munalemba kale, kwina limakutulutsani osasunga zimene mwasintha.