Kodi Obama sanagonjepo pachisankho? Yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anatsutsana ndi anzawo pa nthawi ya nkhomaliro. Anzawowo amati Barack Obama sanagonjepo pachisankho chilichonse, chilowereni ndale zake zinkangoyenda myaa. Iwo akuti anamvapo kuti mkuluyu anayambira pa usenator wa state, ndiye funso lawo ndi ili: "Usenator wa state ndi chiyani, ukusiyana bwanji ndi wa ku Washington, nanga zisankho zinkamuyendera bwanji kumeneko?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Anzanuwo aphonya. Obama anagonjapo, ndipo sikunali kugonja kwa pang'ono, anagwa chagada. Koma chomwe ndikufuna tikhalirepo pansi ndi zisankho zomwe anapambanazo, chifukwa manambala ake mukangowaona pamwamba akupusitsani.

Tiyambe ndi mpandowo. Dziko la America lili ndi zigawo 50 zomwe eni ake amazitcha ma state, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo. Kwa ife omwe tinazolowera nyumba imodzi ya ku Lilongwe, apa mpomwe mutu umazungulira. Ku Illinois, komwe kuli mzinda wa Chicago, nyumba ya malamulo ili pawiri: ya aphungu 118 ndi ya masenator 59. Amakumana ku Springfield, mtunda wa makilomita pafupifupi 320 kuchokera ku Chicago, ngati ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe. Awa ndiwo amapanga malamulo okhudza apolisi, ndende, masukulu ndi misonkho ya m'chigawomo. A ku Washington aja ndi ena, alipo 100, awiri kuchokera chigawo chilichonse. Obama anakhala senator wa ku Springfield kuyambira Januwale 1997 mpaka Novembala 2004, kuimira dera la nambala 13, kummwera kwa Chicago.

Tsono manambala ake ndi awa. Mu 1996 anapeza mavoti 82 pa 100 alionse. Mu 1998 anapeza 89. Mu 2002 analibe wopikisana naye n'komwe. Munthu akaona izi amati basi, ameneyu anthu ankamukonda zedi. Koma dera lija ndi kuchimake kwa chipani chake cha Democratic. Kumeneko wa Republican amangoimira mwambo chabe. Inu mukuwadziwa madera ena kwathu komwe munthu akangopambana chisankho cha chipulula, amayamba kusoketsa suti yokalumbirira. Ine ndinaimapo pamzere kumbuyo kwa munthu pa chipulula china, dzuwa likuswa mtengo pabwalo la sukulu, ndipo tonse tinkadziwa kuti phungu akusankhidwa tsiku limenelo, za tsiku lovota dziko lonse kunali kungotsiriza mwambo. Kummwera kwa Chicago n'chimodzimodzi. Mukafuna kuyeza mphamvu za munthu kumeneko, muyang'ane chipulula.

Ndipo chipulula chake choyamba, cha Malichi 1996, chili ndi nkhani yomwe ambiri omukonda safuna kuimva.

Mpando uja unali wa mayi Alice Palmer, munthu wolemekezeka pakati pa anthu akuda a ku Chicago. Mu 1995 mpando wina wa m'nyumba ya aphungu ya ku Washington unatsala wopanda munthu phungu wake, Mel Reynolds, atatula pansi udindo. Mayi Palmer anali ataganiza kale zokaupikisanira, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anaimirira pamaso pa anthu n'kumuvomereza Obama, yemwe panthawiyo anali loya wazaka 34, kuti ndiye alowe m'malo mwawo. Zinthu sizinayende. Kumapeto kwa Novembala mayiwa anagonja kwa Jesse Jackson Jr., anakhala achitatu. Anthu owatsatira anapita kwa Obama kukamupempha kuti mwana iwe, bweza mpando kwa mayi, nthawi yako idzakwana. Iye anakana, nati panali pangano. Mayi Palmer anati chabwino, tikumana pachisankho.

Malamulo a kumeneko ankafuna kuti wofuna kuima abweretse masiginecha 757 a anthu olembetsa m'kaundula wa ovota a m'deralo. Mayi Palmer anatolera awo mothamanga m'masiku ochepa a Disembala, napereka 1,580. Apa mpamene anthu a Obama anapita ku ofesi yoyendetsa zisankho mu Chicago n'kukhala pansi ndi mapepala aja, kumafananitsa dzina lililonse ndi kaundula. Uyu sakhala m'dera lino, chotsani. Uyu sanalembetse, chotsani. Uyu wangolemba dzina m'zilembo zikuluzikulu m'malo mosayina, chotsani. Mzere ndi mzere, tsiku ndi tsiku, mpaka masiginecha a mayiwa anatsika osakwananso 757. Anachita chimodzimodzi kwa anthu ena atatu omwe ankafuna mpandowo. Pofika tsiku la chipulula, papepala lovotera panali dzina limodzi lokha.

Sanaphwanye lamulo, ndipo ku Chicago mchitidwe wotere ndi wakalekale. Mayi Palmer nawonso anabweza mawu awo, zimenezo tisazibise. Komabe ine nkhaniyi imandiwawa, ndipo sindingakunamizeni kuti ndi yaing'ono. Mu 1992 Obama yemweyu ndiye anatsogolera ntchito ya Project Vote yomwe inalembetsa anthu pafupifupi 150,000 m'kaundula kuti mawu awo amveke. Patangopita zaka zochepa, anthu a m'dera lake anafika kumalo ovotera n'kupeza kuti kusankha kwatha kale mu ofesi. Mu 2008, pomwe Obama ankalimbirana ndi Hillary Clinton kuimira chipani chawo pa upulezidenti, mayi Palmer anali mbali ya Clinton.

Ku Springfield anafika ali wa mbali yochepa. A Republican ndiwo ankalamulira nyumba ya masenator motsogozedwa ndi James "Pate" Philip, ndipo bilu ya munthu wa Democratic inkatha kufera m'komiti osaiona ndi maso. Zinamuyenderako pang'ono: mu 1998 anagwira ntchito ndi Kirk Dillard wa Republican pa lamulo loletsa andale kulandira mphatso zina kwa anthu ofuna kukondereredwa komanso kudya ndalama za kampeni pa zofuna zawo. Anathandizanso pa lamulo lochepetsera msonkho mabanja ogwira ntchito koma opeza zochepa. Uku akuphunzitsabe zamalamulo pa University of Chicago. Koma mtima wake sunakhazikike, ankaona ngati Springfield yamuchepera.

N'chifukwa chake mu 2000 anakaputa Bobby Rush, phungu wa ku Washington woimira dera loyamba la Illinois. Apa ndiye pali yankho la anzanu aja. Rush sanali munthu wamba. Anali mmodzi mwa omwe anayambitsa nthambi ya Black Panther Party, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, ku Illinois mu 1968, munthu yemwe anthu akuda a kummwera kwa Chicago anamuona akuvutika nawo limodzi. Obama anawerengera molakwika: Rush anali atangogonja moipa kwa Richard M. Daley pa mpando wa meya mu 1999, ndiye iye anaganiza kuti mtengo wafooka. Mu Okutobala chaka chomwecho mwana wa Rush, Huey, anawomberedwa n'kumwalira. Mzinda wonse unalira ndi bambo wake. Ungamunene bwanji munthu yemwe ali pa maliro a mwana wake?

Kenako panadza nkhani ya Khirisimasi. Obama anapita ku Hawaii ndi banja lake kukaona agogo ake aakazi omwe anamulera. Ali komweko bwanamkubwa George Ryan anaitanitsa aphungu mwadzidzidzi kuti akavotere bilu yokhwimitsa chilango kwa opezeka ndi mfuti mosaloledwa. Mwana wake Malia, yemwe anali asanakwanitse zaka ziwiri, anadwala, ndipo Obama sanabwerere. Biluyo inagwa chifukwa choperewera mavoti ochepa. Ine monga kholo ndimamumvetsa, mwana akatentha thupi zina zonse zimaima. Koma taganizani mmene zinamvekera m'dera lomwe mfuti zikutha ana a anthu: phungu wathu ali kunyanja ku Hawaii. Manyuzipepala anamudya wamoyo. Rush anamunena kuti anapita ku Harvard n'kubwerako chitsiru chophunzira, ena n'kumanong'ona kuti si mwana wa pano, ndi wa azungu a ku yunivesite. Pulezidenti Bill Clinton naye anamveka pa wailesi akuchemerera Rush. Pa 21 Malichi 2000 Rush anapeza 61 pa 100 alionse, Obama 30. Chisankho choyamba chomwe anakumana ndi mdani weniweni, anachiluza ndi theka. Anatsala ndi ngongole, ndipo iye mwini wakhala akusimba kuti atapita ku msonkhano waukulu wa chipani ku Los Angeles chaka chomwecho, khadi lake la kubanki linakanidwa pomwe ankafuna kubwereka galimoto pabwalo la ndege.

Mwayi wake unali woti mpando wa ku Springfield sunali pachisankho chaka chimenecho, choncho anabwererako. Ndipo ine ndimaona kuti wandale yemwe dziko linadzamudziwa pambuyo pake anaumbidwa m'zaka zinayi zotsatirazi, osati ku Harvard. Anachepetsa kulankhula ngati ali m'kalasi. Ankakhala usiku kusewera makhadi ndi masenator anzake, ena a zipani zonse ziwiri ochokera m'matauni ang'onoang'ono a azungu. Anadziphatika kwa Emil Jones, mkulu wa a Democratic m'nyumbamo, munthu wa ndale zakale za Chicago. Malire a madera atajambulidwanso mu 2001, dera lake linatambasuka kutsata gombe la nyanja ya Michigan mpaka kukafika kumalo a anthu olemera a pakati pa mzinda, komwe kuli ndalama za kampeni. A Democratic atalanda nyumbayo pachisankho cha 2002, Jones anakhala mtsogoleri wake, Obama n'kukhala wapampando wa komiti ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu.

Ntchito yomwe ndimamulemekeza nayo kwambiri ndi ya 2003. Illinois inali pa manyazi aakulu. Chibwezeretsereni chilango cha imfa mu 1977, chigawochi chinali chitapha akaidi 12, pomwe ena 13 omwe ankadikira kuphedwa anamasulidwa zitaoneka kuti anawaweruza molakwa. Bwanamkubwa Ryan anaimitsa kupha akaidi mu Januwale 2000. Kunalinso mbiri ya mkulu wina wa apolisi ku Chicago, Jon Burge, yemwe anyamata ake ankazunza anthu akuda kuti avomere milandu. Obama anatenga bilu yoti apolisi azijambula pa vidiyo kapena pa tepi akamafunsa munthu woganiziridwa kuti wapha mnzake. Apolisi anakana, oimira boma pa milandu anakana, ngakhale bwanamkubwa watsopano Rod Blagojevich, wa chipani chake chomwe, poyamba sanaifune. Iye sanathamangire ku wailesi kukawanyoza. Anawaitana mobwerezabwereza, kumva madandaulo awo, kusintha apa ndi apo, kuwaonetsa kuti tepi yomweyo idzawateteza munthu akadzanama kukhoti kuti anamenyedwa. Biluyo inadutsa m'nyumba ya masenator popanda wotsutsa, ndipo Illinois inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa zimenezi kudzera mu nyumba ya malamulo. Chaka chomwecho anadutsitsanso lamulo loti apolisi azilemba mtundu wa dalaivala aliyense yemwe amuimitsa pamsewu, kuti zioneke ngati akusankha khungu. Pano pali dandaulo lomveka: masenator ena akuda, monga Rickey Hendon, anali atalimbana ndi nkhani zimenezi zaka zambiri, ndipo zinawapweteka kuona Jones akupereka mabiluwo kwa Obama kuti dzina lake likwere.

China chomwe mudzamva anthu akumunena nacho ndi batani lachikasu. Senator wa ku Illinois ali ndi mabatani atatu patebulo pake: lobiriwira la inde, lofiira la ayi, ndi lachikasu longonena kuti ndilipo. Obama anadina lachikasu maulendo 129 mwa mavoti pafupifupi 4,000. Poti bilu imafuna ma inde 30 kuti idutse, ndilipo amagwira ntchito ngati ayi, kungoti dzina lako silida. Ena mwa mavotiwa, makamaka a nkhani zochotsa mimba, anali njira yomwe anagwirizana ndi anzake. Ena ine ndimaona kuti kunali kuzemba basi, kusafuna kusiya phazi pamatope.

Za 2004 mukuzidziwa kale. Mu Malichi anapambana chipulula cha usenator wa ku Washington ndi mavoti oposa theka pakati pa anthu 7, ndipo ichi ndicho chisankho choyamba chovuta chomwe anapambanadi pa bokosi. Mu Julayi analankhula pa msonkhano waukulu wa chipani chake ku Boston dziko lonse likuonera, akadali senator wa ku Springfield. Mu Novembala anagonjetsa Alan Keyes wa Republican ndi 70 kwa 27. Mpando wa dera la 13 unapita kwa Kwame Raoul, mwana wa anthu ochokera ku Haiti, yemwe mu 2019 anakhala mkulu wa zamalamulo wa Illinois.

Ndiye mukakakumana nawo anzanuwo pa nkhomaliro, achimwene, muwapatse dzina la Bobby Rush ndi tsiku la 21 Malichi 2000. Pa chipulula cha 2004 Rush sanamuthandize Obama, anali kumbuyo kwa Blair Hull, mmodzi mwa opikisana naye. Anadzamuvomereza pomwe ankafuna upulezidenti, ndipo anakhalabe pampando wake uja mpaka anapuma yekha mu Januwale 2023.