Mapiritsi a kusikelowo musasiye achemwali

Achemwali, ndawerenga zanuzi thupi lachita tsembwe. Chizungulire mukadzuka, mtima kugunda ngati mwakwera phiri, kulakalaka dothi, kenako n'kusiya mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo poti akukuchititsani nseru. Ine ndinadutsa momwemo ndendende pa mimba yachiwiri, ndipo ndinatsala pang'ono kupita.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi ku esiteti. Mukudziwa kuno ku Thyolo tiyi ndiye wosasowa, m'mawa tiyi, masana tiyi, nsima yamadzulonso ndinkatsitsira tiyi yemweyo. Mapiritsi aja nditamwa sabata imodzi chimbudzi chinayamba kuda bii, m'mimba kuuma. Kulakwa kwanga kunali kuuza apongozi. Iwo aja, "Tayani zimenezo, zimakulitsa mwana m'mimba, mukufuna akakung'ambeni?" Anatenga paketi yonse n'kukaponya m'chimbudzi ine ndikuona ndi maso angawa. M'malo mwake ankandiwiritsira masamba a mapeyala, madzi ofiirira aja, ati magazi enieni ndi amenewo. Ndinamwa zigubu ndi zigubu.

Mimba ili ndi miyezi 8 ndinapita kumsika ku Luchenza. Ndinangowerama kuti ndisankhe tomato, poweramuka makutu anayamba kulira, maso kuchita mdima, miyendo zii. Ndinagwera pa mulu wa kaunjika wa eni ake. Anthu ndinkawamva ngati akulankhulira kutsidya kwa mtsinje, wina ati waledzera, wina ati ndi khunyu, wina akundithira madzi kumaso. Mayi wina wogulitsa usipa, sindimudziwa mpaka lero, anandikoka chikope cha m'munsi n'kukuwa kuti "Alibe magazi uyu, taonani kuyera kwake!" Anaitana kabaza wa njinga yamoto, iye n'kukwera kumbuyo kwanga atandimangirira ndi chitenje kumsana kwa mnyamatayo kuti ndisagwe. Fungo la usipa la m'manja mwake ndimalikumbukirabe. Patapata imodzi inatsala pamsika pomwepo.

Kuchipatala atandibaya chala anapeza Hb, ndiye kuti mlingo wa magazi, ili pa 5.8, malungo pamwamba. Anamwino anati woyembekezera amafunika 11 kupita m'mwamba, ikatsika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Magazi a gulu langa munalibe tsiku limenelo. Ndinagona usiku wonse ndikupuma mobanika, dzanja lili pamimba kumvetsera ngati mwana akusunthabe, bambo a kunyumba ali panja kuimbira abale mpaka mayunitsi kutha. Anandiika magazi mawa lake masana.

Ndiye tamverani izi. Apongozi anabwera kudzandiona atanyamula fulasiki. Mukati muli chiyani? Masamba a mapeyala omwe aja! N'kumauza amayi a pabedi loyandikana kuti mtsikanayu ndi waulesi pakudya. Mpaka lero sanapepesepo, amangouza anthu kutchalitchi kuti anandichiritsa ndi iwo. Ndikamakumbuka mtima umandiwawa, munthu kutaya mankhwala aulere n'kutsala pang'ono kupha mdzukulu wake yemwe.

Adokotala ena achinyamata ndi amene anandikhazika pansi. Anati chimene chimanyamula mpweya m'magazi sichingapangidwe popanda ayironi, amene amapezeka m'mapiritsi a kusikelo aja ndi m'zakudya zina. Maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, akakalamba thupi limawaphwanya koma ayironi wake silitaya, limapangira ena atsopano, wina limasunga m'chiwindi ngati nkhokwe. Ukakhala ndi pakati magazi amafunika ochuluka, mwananso akutapa momwemo, nkhokwe ija imatha msanga. Malungo nawo amaswa maselo aja. Tiyi uja ndinkamwera nsima ankagwira ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe m'thupi. Chimbudzi chakuda chija ndi ayironi wotsala chabe amene thupi silinatenge. Ndipo chinthu kufiira sindiye kuti chikusanduka magazi, kaya ndi madzi a masamba kaya zakumwa za m'botolo zija timagulira odwala.

Inu mawa lomwe lino pitani akakuyezeni, musadikire tsiku la sikelo. Muwauze za dothilo osachita manyazi, nthawi zambiri chimakhala chizindikiro choti ayironi wachepa. Akaonenso malungo ndi njoka za m'mimba, makamaka ngati mumayenda opanda nsapato m'munda monyowa, zina zimalowera kuphazi n'kumakayamwa magazi m'matumbo. Piritsilo muzimwa usiku mukadya, nseru imakupezani muli mtulo. Mukapeza chinanazi cha ku Mulanje, gwafa kapena lalanje idyerani limodzi, zowawasa zimathandiza ayironi kulowa. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Usipa, bonongwe, khwanya, nandolo, kanyama mukakapeza. Mukachira musasiye pomwepo, ine anandiuza ndipitirize miyezi 3 kuti nkhokwe ija idzadzenso.

Za m'mudzi zonse musamvere, mverani achipatala okha basi. Komabe chidede ine ndimamwa ndithu, ndimaona ngati chimandipatsa mphamvu, ndipo tiyi wam'mawa ndinalephera kusiya, ndisaname. Ngati apongozi anu ali ngati anga musalimbane nawo, botololo landirani ndi manja awiri muthokoze, mapiritsiwo mubise m'thumba la chitenje cha kusikelo komwe sangafike. Mukayezetsa mubwere mutiuze Hb yanu ili pa zingati.