Mapu ofiira a kampani yofufuza golide: ndigule masheya?

Funso: Ndili ndi kandalama kamene ndasunga kuchokera pa bizinesi yanga. Mnzanga akundikopa kuti tigule masheya a kampani yofufuza golide ndi cobalt. Wandionetsa mapu a mawanga ofiira, akuti dothi analiyeza ndipo makina a maginito aonetsa chuma pansi. Ndilowemo?

Yankho: Dekhani kaye. Mapu amenewo amauza kampani malo oti iboole, sanena kuti mgodi wapezeka.

Tiyambe ndi a maginito, poti ndi amene amakopa maso. Golide sakoka maginito. Chimene makinawo amamva ndi miyala ngati magnetite ndi pyrrhotite, ndipo mphamvu yake amailemba mu nT, muyeso wa mphamvu ya maginito. Nthawi zina miyala imeneyi imakhala limodzi ndi golide ndi cobalt (chitsulo chogwiritsidwa ntchito m'mabatire), koma kawirikawiri imangokhala yokha. Malo ena golide amapezeka pamene maginito ali ofooka, chifukwa madzi otentha amene anamubweretsa anawononga magnetite. Kufiirako n'kusankha kwa wojambula mapu basi.

Za dothi, yang'anani muyeso wake. Golide wa m'dothi amamulemba mu ppb, kutanthauza magawo pa biliyoni imodzi, pamene wa m'mwala amamulemba mu g/t, kutanthauza magalamu pa tani. 1,000 ppb ndiye 1 g/t. Mukaona 50 ppb musatengeke ndi nambalayo, imeneyo ndi 0.05 g/t, pomwe migodi yambiri yapamtunda imakumba mwala wa pafupifupi 1 g/t. Komanso dothi limayenda ndi madzi, gwero lake likhoza kukhala kumtunda kutali. Miyala yotola pamanja ndiye sindiiwerengera n'komwe, wotolayo amasankha yooneka bwino.

Ine ndimayamba kumvetsera pamene mawanga a dothi, a maginito ndi ming'alu ya miyala zagwera malo amodzi, kenako kampani n'kuboola. Afunseni kuti aboola mabowo angati, ndipo angati anatuluka opanda kanthu. M'bowo, mamita 20 a mwala wa 2 g/t ndi nkhani yabwino kuposa theka la mita la 40 g/t. Akaphatikiza golide ndi cobalt kukhala nambala imodzi, funsani mitengo imene agwiritsa ntchito, chifukwa mtengo wa cobalt sukhazikika: mu 2018 unapitirira madola 90,000 pa tani, chaka chotsatira n'kutsika kufika pansi pa 30,000. Mwala wa cobaltite, umene mumapezeka cobalt, ulinso ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo kumuchotsa kumadya phindu.

Onetsetsani kuti lipoti la kampaniyo latsatira malamulo olembera zotsatira za kufufuza miyala, a JORC a ku Australia kapena NI 43-101 a ku Canada, lasainidwa ndi katswiri wodziwika dzina, ndipo labotale yoyeza ndi yoima payokha. Malamulo a ku Canadawo anadza pambuyo pa Bre-X, kampani imene mu 1997 inapezeka kuti miyala yake ya ku Busang, Indonesia, inkathiridwa golide isanayezedwe. Masheya ake anasanduka mapepala chabe.

Tsono za ndalama zanuzo. Kampani yofufuza sigulitsa kanthu, imadya za eni masheya, ndipo zikatha imatulutsa masheya ena, gawo lanu n'kuchepa. Malo ambiri ofufuzidwa safika pokhala mgodi, ofikawo amatenga zaka khumi kapena kuposa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: mpamba wa bizinesi yanu musaukhudze, ndipo musakongole. Ngati mtima ukukakamirabe, ikani kochepa kamene kakatayika simungatseke bizinesi, koma mutaona kaye zotsatira za mabowo onse, osati atatu okha amene mnzanuyo wasankha.